ZA MAKINA AKALE OJAMBULIRA ZITHUNZI, NDI CIMENE TIYENERA KUCITA NAO

Kwa Mafumu onse ndi Mamembala a Msonkhano wathu, kuyambira kwa Zilakoma kufikira kwa Mbwana ku Usisya.

Ambuye athu ndi abale,

Pa msonkhano wathu wapitawu m'bale wina anadza ndi kanthu kokulunga m'nsaru, nakaika pa gome pamaso pa Wapampando. Pamene anamasula tinaona kamera yakale ya citsulo coyera ndi cikopa cakuda, imene anaipeza m'bokosi la malemu atate wace, munthu amene anagwira nchito ya ukalaliki zaka zambiri ku Bulawayo. M'bokosi momwemo munali zithunzi zambiri, ndi timizere ta filimu tokulunga m'pepala. Mzungu wina, mwa alendo aja amadza kuno kudzasambira m'nyanja yathu, anaziona zinthuzi nanena kuti afuna kugula zonse pamodzi. M'bale wathuyo ali ndi ana awiri ku sekondale, ndipo ndalama ya fizi imsowa. Cifukwa cace anapempha Msonkhano kuti umpangire nzeru, agulitse kapena asunge.

Tinakangana kufikira dzuwa linapendeka, ena nati citsulo sicidyeka, ena nati za makolo sagulitsa. Potsiriza Wapampando anatilamula kuti tilembe mlandu wonse m'kalata uyu, kuti munthu ali yense ausinkhe kwao asanadze ku msonkhano wa mtsogolo. Pakuti mabokosi otere ali m'nyumba zambiri za dziko lino, ndipo funso la m'bale mmodziyu liri la ife tonse.

KAMERA IMENEYI NDI YOTANI?

Tiyambe tadziwa cinthu cimene tiri kukangana naco. Kamera ya m'bale wathu ndi ya mtundu umene Azungu auchula rangefinder, ndiko kunena coyesa kutalika kwa mtunda. Mudzaizindikira pakuona timazenera tiwiri kapena titatu pamwamba pa galasi lace lalikuru. Nzeru yace ndi yomweyo imene Mlengi anaika m'maso mwathu. Imikani cala patsogolo panu, tsinzinani diso lamanja, pambuyo pace lamanzere, ndipo mudzaona cala cirikulumpha. Cikakhala pafupi cilumpha kwambiri, cikakhala patali cilumpha pang'ono. Comweco timazenera tiwiriti tiona cinthu cimodzi kucokera mbali ziwiri. Wojambula akasuzumira aona nkhope ya munthu iri pawiri m'kabanga ka pakati. Azungulitsa galasi pang'ono pang'ono kufikira nkhope ziwirizo zikomana ndi kukhala imodzi, ndipo pamenepo adziwa kuti mtunda wayesedwa bwino ndi kuti cithunzi cidzaturuka cosazirala.

Makina ang'ono a mtundu uwu anayamba ku Germany. Mmisiri dzina lace Oskar Barnack, wa kampani ya Leitz m'mudzi wa Wetzlar, ndiye anapanga kamera yaing'ono yodya filimu ya mamilimita 35, ndipo inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1925 ndi dzina lakuti Leica. M'caka ca 1932 anaikamo coyesa mtunda cija, ndipo caka comweco kampani ya Zeiss Ikon inaturutsa inzace yochedwa Contax. Ku Soviet Union anatsanza Leica napanga FED m'caka ca 1934, ndi Zorki m'caka ca 1948. Pambuyo pa nkhondo yaciwiri a ku Japan anacepetsa mtengo: Canonet inadza m'caka ca 1961, ndi Yashica Electro 35 m'caka ca 1966. Izi ndizo kamera zimene munthu wa malipiro a pamwezi anakhoza kugula, ndipo tiyesa kuti zambiri za m'mabokosi mwathu ndi za mitundu yotsirizayi. Filimu imodzi itenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo ikatha yatha.

ZA MTENGO WACE

Pano tiyenera kucenjezana mbali ziwiri. Ndi zoona kuti kunja kuli anthu osonkhanitsa makina amenewa monga ena asonkhanitsa ng'ombe, ndipo m'caka ca 2022 kamera imodzi ya Leica, ya m'gulu loyamba loyesera, imene inali ya Barnack mwini wace, inagulidwa pa mayuro 14.4 miliyoni. Koma munthu asamve mbiri iyi ndi kuyamba kumanga nyumba ya malata mumtima mwace. Kamera yotero njosowa ngati mazira a nkhanga pa msika. Canonet ya mtundu umodzi wokha, wochedwa G-III, anaipanga yoposa miliyoni imodzi pakati pa 1972 ndi 1982, ndipo Yashica ndi Zorki nazonso zinacuruka ngati usipa. Zotere mtengo wace ngwapakati, ndipo zikakhala zofa ucepa ndithu. Ndiponso alipo acinyengo amene atenga Zorki kapena FED nalembapo dzina la Leica. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbali yina ndi iyi: wogula adziwa mtengo, wogulitsa sadziwa. Mlendo ali nao mabuku ndi intaneti m'thumba mwace, ndipo mkazi wamasiye wa kumudzi alibe womuuza. Malonda otere sali olungama, ngakhale mlendoyo akhale munthu wabwino. Cifukwa cace tinena kuti wofuna kugulitsa ayambe walemba dzina la kamera, dzina la galasi lace, ndi nambala yozokota pa citsulo, nafunse mwana wa sukulu kapena mbale wa ku tauni kuti afufuze mtengo umene zinzace zigulidwa nao. Safunsa anadya phula.

CUMA CENI CENI CIRI M'ZITHUNZI

Tsono tifike pa mtima wa mlandu. Ife tiona kuti Msonkhano unalakwa pakuyesa kamera ndi zithunzi ngati katundu mmodzi. Kamera ikapita, inzace ipezeka, pakuti anazipanga zikwi zikwi. Koma cithunzi ca agogo anu ataimirira pa doko ndi sutikesi m'manja ciripo cimodzi cokha pa dziko lonse lapansi, ndipo kamzere kakuda ka filimu kaja, kamene ana asewera nako, ndiko mai wace wa cithunzico, kakatayika sikabadwanso.

Taonani umo mtundu wathu wapindulira ndi munthu mmodzi wojambula. Mungo Murray Chisuse anali wosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre, anaphunzira ku Scotland, ndipo ali mmodzi wa anthu akuda oyamba kugwira nchito yojambula m'dziko lino. Iyeyu anajambula John Chilembwe ndi banja lace nkhondo ya 1915 isanabuke. Chilembwe anaphedwa, manda ace Boma la nthawi ija linawabisa, ndi chalichi cace ca njerwa ku Mbombwe anacigumula ndi zophulitsa. Koma zithunzi zinatsala, ndipo lero mwana ali yense adziwa nkhope yace pa ndalama za pepala. Pakadapanda wojambula ndi wosunga, tikadakhala ndi dzina lopanda nkhope.

Ndipo musayese kuti zosungidwa ku Boma ndizo sizionongeka. M'caka ca 1919 moto unatentha maofesi akuru a Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba anapsa. Zina zimene zinapulumuka za nthawi imeneyo ndi zimene zinali m'manja mwa mamishoni ndi anthu wamba. Comweco bokosi la m'nyumba mwanu liri nkhokwe ya mtundu, ngakhale inu muliyesa la zinyalala.

Dziko lathu lino la Atonga liri ndi cifukwa copambana ca kusamala. Kuyambira pamene Dotolo Robert Laws anakhazika mishoni ku Bandawe m'caka ca 1881, anthu a kuno anaphunzira msanga, napita kukagwira nchito ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Wankie, ku Joni ndi ku Cape Town. Clements Kadalie wa ku Chifira anayambitsa bungwe lalikuru la anchito, la ICU, ku Cape Town m'caka ca 1919, namwalira ku East London m'caka ca 1951 ali kutali ndi kwao. Iyeyu zithunzi zace ziri m'mabuku cifukwa anali wochuka. Nanga anzace zikwi zambiri, amene anapita pansi kapena ndi Wenela kufikira caka ca 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70, ndi Boma linaletsa ulendowo? Ambiri a machona sanabwere. Cimene anatumiza kwao ndi kalata ndi cithunzi, atabvala suti ndi cipewa, dzanja liri pa mpando wa m'nyumba yojambulira. Kwa mabanja ambiri pepala limenelo ndilo manda okha amene ali nao.

Kumbukiraninso masiku awiri a cisoni. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yino, nafa anthu 145. Pa 3 March 1959 asilikari anaombera khamu la anthu pa doko lathu lomwe lino, pamene anthuwo anafuna abale ao amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Komishoni ya Devlin inawerenga akufa 20, ndipo ife pa cikumbutso ca caka ndi caka tikumbukira 31. Caka ndi caka timva maina ao. Tifunsa Mafumu: mwa anthu amenewa ndi angati amene nkhope zao tingazionetse kwa adzukuru ao? Kapena cithunzi ca mmodzi wa iwo cigona lero pansi pa bedi m'mudzi mwanu, ndipo nkhalamba yokhayo yodziwa kumchula dzina iri ndi zaka 85. Ngakhale makolo a misonkhano yonga wathu uno, amene anayambitsa West Nyasa Native Association m'caka ca 1914, ndani mwa ife angawaloze pa cithunzi mmodzi mmodzi?

ADANI A ZINTHUZI

Mdani woyamba sali mlendo ai, koma cinyontho. Kuno mvula igwa yambiri, ndi mpweya wa kunyanja suuma. Nguwi imera m'kati mwa galasi ngati ukonde wa kangaude, ndipo ikakhalitsa idya galasilo osacotsekanso. Zithunzi zimamatirana, ciswe ndi mphemvu zidya m'mphepete, dzimbiri ligwira zitsulo. Cifukwa cace tipempha yense wakukhala nazo acite izi.

Kamera muicotse m'cikwama cace ca cikopa, pakuti cikopa cisunga cinyontho, ndipo muiike pouma popita mphepo, kutali ndi utsi wa kukhichini. Ngati muli batire licotseni, cifukwa likaola lidya waya. Musatsegule citseko ca kumbuyo musanayese kacitsulo kobwezera filimu: mukakazungulitsa pang'ono ndi kumva kuti kalimba, muli filimu m'katimo, ndipo kuwala kukalowa zithunzi za zaka 50 zifa m'kuphethira kwa diso. Cinthu cikakana kuzungulira musacikakamize, ndipo musathiremo mafuta ophikira kapena a makina osokera. Galasi musalipukute ndi malaya. Leica, FED ndi Zorki ziri ndi cotsekera ca nsaru m'kati, ndipo mukazisiya zopenya dzuwa popanda cibvundikiro, galasi lisonkhanitsa kutentha ndi kuboola nsaruyo. Ndiponso pa FED ndi Zorki muyambe mwakoka filimu musanasinthe nambala ya liwiro, kuti mungathyole za m'kati. Kamodzi pa mwezi muikoke ndi kuiomba kangapo yopanda filimu, pakuti makina ogona aumirira monga mawondo a munthu wosayenda.

Timizere ta filimu mutigwire m'mphepete mokha, musatitsuke, mutiike m'maenvulopu a pepala, kutali ndi moto, popeza filimu zina za kale caka ca 1950 cisanafike ziyaka msanga koposa udzu wouma. Zithunzi zomamatirana musazikanganule ndi mphamvu. Musazimate m'pulasitiki wa moto uja, pakuti sacokanso. Ndipo coposa zonse, khalani pansi ndi akuru a pabanja, nimulembe kumbuyo kwa cithunzi ciri conse ndi pensulo, osati bolopeni: dzina la munthu, mfunda wace, mudzi wace, malo, ndi caka ngati cidziwika. Cithunzi copanda dzina cisanduka ca mlendo m'nyumba ya mwini wace.

KODI TIZIGWIRITSENSO NCHITO?

Anyamata ena anatiseka pa msonkhano, nati foni ijambula zithunzi zikwi popanda kulipira, nanga tibvutikirenji ndi citsulo ca agogo? Mau ao ali ndi nzeru, ndipo sitiwakana. Filimu sipangidwa m'dziko lino. Kodak, Ilford ndi Fujifilm akali kuipanga, koma ifika kuno ndi mtengo wowawa, ndi mankhwala otsukira omwe. Munthu wosowa ufa asagule filimu.

Koma ifenso tiwafunsa anyamatawo: zithunzi za m'foni imene munali nayo zaka 10 zapitazo ziri kuti? Yina inagwa m'madzi pa bwato, yina inabedwa, yina inangozima. Atate a m'bale wathu anajambula zocepa, koma taziona ndi maso athu pa gome patapita zaka zoposa 50, popanda magetsi, popanda mayunitsi. Filimu yakuda ndi yoyera, yotsukidwa bwino ndi kusungidwa pouma, ikhala zaka zoposa moyo wa munthu, ndipo yense akhoza kuipenya pa dzuwa. Ndiponso wakukhala nazo mphindi 36 zokha saomba cisawawa. Ayamba wafunsa kuti woyenera kujambulidwa ndani, nampempha, namuimika bwino, nalemba dzina lace. Mwambo umenewu ndiwo tiufuna ubwere, kaya ndi filimu kaya ndi foni.

Nchito yace siiri yobvuta monga ena aganiza. Kamera zambiri za mtundu uwu ziyenda ndi kasupe wa citsulo, zosafuna batire. Pa dzuwa loŵala wojambula aika khomo la galasi pa 16, ndi liwiro pa nambala yoyandikana ndi nambala ya filimu yace. Kukacita mitambo atsegula khomo pa 8, pamthunzi pa 5.6 kapena 4. Pa mcenga wa kunyanja kuwala kucuruka, ndipo acepetse pang'ono. Filimu yakuda ndi yoyera itsukika m'kacitini kotseka ndi thumba lakuda, popanda cipinda ca mdima, madzi akakhala ozizira pa madigiri 20. Mnyamata wokhoza kukonza injini ya boti akhoza kuphunzira izi m'masabata owerengeka.

ZIMENE TIIKA PAMASO PA MSONKHANO

Pomaliza tipempha kuti mfundo izi zikambidwe ndi kubvomerezedwa, kapena kukonzedwa, pa msonkhano ulinkudza.

1. Kamera iri ya mwini wace, ndipo wofuna kugulitsa cifukwa ca usiwa asatonzedwe. Koma ayambe wadziwa mtengo, ndipo ayambe wauza abale ace ndi Msonkhano, kuti ngati alipo wa kuno wokhoza kugula, cinthuco cikhale m'dziko.

2. Zithunzi ndi timizere ta filimu zisagulitsidwe pamodzi ndi kamera. Ziri za banja lonse, za amoyo ndi osabadwa, ndipo munthu mmodzi alibe mphamvu ya kuzitaya. Mlendo wozifuna apatsidwe cojambulanso, banja likalola.

3. Mafumu alengeze m'midzi mwao tsiku lakuti mabanja adze ndi zithunzi zao pa bwalo, kuti akuru achule maina, ndi aphunzitsi alembe m'buku, ndi anyamata azijambulenso ndi foni. Pambuyo pace mwini abwerere naco cace. Msonkhano usalande kanthu ka munthu. Banja losafuna kuonetsa cithunzi ca womwalira lisakakamizidwe.

4. Tiyambe ndi kufunafuna nkhope za iwo amene anafa pa 3 March 1959 ndi pa Vipya, pakuti mboni zao zirikutha.

5. Mlembi alembere a National Archives ku Zomba, a Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ndi a nyumba yosungira zakale ku Mzuzu, kuwafunsa zithunzi za dziko lino zimene ali nazo, ndi kuwapempha nzeru za kasungidwe.

6. Msonkhano usunge kamera ziwiri kapena zitatu zamoyo, usankhe anyamata ndi asungwana oziphunzira, ndipo upemphe ana athu a ku Joni ndi ku Cape Town kuti pobwera atenge filimu. Caka ciri conse filimu imodzi ithere pa Mafumu ndi nkhalamba za m'midzi, yina pa malipenga ndi cilimika, pa asodzi ndi mabwato ao, ndi pa tsiku lofika Ilala, imene yayenda pa nyanja yino kuyambira 1951 ndipo siidzayenda nthawi zonse.

Kwa m'bale wathu wa ana awiri tiyankha motere: fizi ndi ngongole yosadikira, ndipo mukagulitsa kamera pa mtengo wolungama palibe wokutsutsani; atate wanu anaigula ndi thukuta lace kuti ithandize ana ace, ndipo idzakhala itawathandiza. Koma zithunzi ndi filimu zibwezeni m'nyumba, muitane alongo a atate wanu akali ndi maso, nimulembe maina sabata lomwe lino. Ndipo tipempha Msungi wa Cuma aone ngati thumba lathu lingakhoze kugula kamerayo, kuti ikhale yoyamba ya Msonkhano.

Mutu umodzi susenza denga. Tipempha Mafumu ndi mamembala onse kuti musadze manja okha pa msonkhano wa mtsogolo: yense atsegule bokosi la kwao, nadze naco cimene wapeza, cokulunga bwino kuti mvula ingacinyowetse panjira. Wowerenga kalata uyu awerengerenso anzace osadziwa kuwerenga.

Ndife anu m'nchito ya mtundu,

MLEMBI WA MSONKHANO,
Nkhata Bay.